Shawelo ya aNyaMoyo Inapita Kumjigo

Ndiyambe ndi kuulula uchitsiru wanga, kuti amene akufuna kuseka asekeretu, tikafika poipapo tilire limodzi. Ine, munthu wa dazi ndi imvi za m'mbali, ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti mtendere umakhala m'singano zolukira. Ndinkaganiza kuti uli m'katimo, monga mankhwala amakhalira mu jakisoni, ndipo aliyense amene wagwira tizitsulo tiwirito mtima wake umatsika wokha mpaka kumapazi. Ndinkakhulupiriranso kuti kuluka si ntchito. Ntchito yanji imene munthu amagwira osayang'anako, pakamwa akujeda mnzake wa kutchalitchi? (Amayi, mundikhululukire, ndinalangidwa kale, ndipo chilangocho sichinathe.)

Kwathu ndi ku Dowa. Kuno ku Mzimba ndinabwera ndili mnyamata, mesenjala wa pa ofesi ina ya boma, kabudula wa khaki wositidwa mpaka kuima yekha. Sukulu ndinalekeza Sitandade 5, osati chifukwa cha umbuli ayi, kungoti ine ndi aphunzitsi tinaona kuti tatopetsana. Ndinati ndigwireko zaka ziwiri ndibwerere kwathu. Kenaka ndinakumana ndi aNyaMoyo a ku Edingeni akugula mchere pamsika, abale awo anandifunsa ng'ombe, ndipo munthu amene wapereka ng'ombe sachoka msanga pamalo. Ndili pano mpaka lero, Chitumbuka changa chikadali chopunduka mwendo umodzi.

Ana tinabereka, tinalera, tinamaliza, tinasamba m'manja. Ine ndinkati ukalamba ndi mpando pansi pa mtengo wa gwafa, wayilesi pambali, masana kukasuntha njere za bawo kumsika. Koma kuno mnyamata akangomera ndevu amayang'ana kumwera. Woyamba wathu, Kondwani, ananyamuka wa ku Joni, nati chaka chimodzi chokha, akagule malata. Patapita nthawi mkazi wake anati akamutenge. Nayenso Joni anamumeza. Malatawo sitinawaone, koma anatisiyira anthu atatu: Vitumbiko, amene timangomutcha Vitu, wa zaka zisanu, ndi mapasa a zaka zitatu, Temwa ndi Tamala.

Musandimve molakwa, adzukulu anga ndimawakonda. Ndimawakonda kwambiri akagona. Temwa amaluma, Tamala amalira m'malo mwa wolumidwayo, Vitu amafunsa mafunso. Chifukwa chiyani nkhuku ilibe mano, chifukwa chiyani asekuru muli ndi tsitsi m'makutu koma pamutu mulibe, adada abwera liti. Funso lomalizalo amalifunsa tsiku ndi tsiku, ndipo tsiku ndi tsiku ndimanama. Wayilesi yanga anaimwetsa tiyi. Mandala anga ndinawapeza m'chisa, nkhuku ikuwafungatira pamodzi ndi mazira. Mawondo anga ndi a munthu wopuma pantchito, koma ntchito imene ndinapatsidwa ndi ya mnyamata wongokwatira kumene.

Nditayamba kumva ng'oma m'makutu ndinapita kuchipatala. Anesi, mtsikana wa ku Zomba wolankhula Chichewa chosalala, anandimanga chija chofufuma pamkono, anayang'ana, anagogoda makinawo kuona ngati afa, anayezanso. Kenaka anandifunsa kuti ndikulimbana ndi ndani. Ndinawauza kuti ndi anthu atatu, ndipo wamtali mwa iwo amandilekeza m'chiuno. Sanaseke. Anati bipi yanga ndi ya munthu amene akufuna kusiya mkazi wamasiye, ndichepetse mchere, ndiponso ndipeze chinthu chotsitsa mtima.

Chinthu chotsitsa mtimacho ndinkachiona tsiku lililonse pakhonde panga. Nkhondo ili mkati, mapasa akulimbirana chitsononkho, Vitu akuimba ng'oma pa ndowa, aNyaMoyo amakhala pamkeka, miyendo tambalale, singano zikuti tiki-tiki-tiki, nkhope ngati ya munthu womvera ulaliki wabwino. Akati alankhule amangoti "Lekani," osadzutsa mutu, ndipo anawo amalekadi. Bipi yawo ngati ya namwali. Ine pamenepo ndinachita masamu a Sitandade 5: nyumba imodzi, ana omwewo, phokoso lomwelo, chosiyana ndi singano basi.

Chimene ankaluka nthawi imeneyo sichinali chinthu wamba. Mzime wathu, Lusungu, anakwatiwa ku Champhira, ndipo anali woyembekezera mwana wake woyamba. ANyaMoyo ali ndi lamulo lawo: mdzukulu wawo aliyense amatuluka m'chipatala atakutidwa m'shawelo yoluka iwo. Vitu anatuluka motero, mapasa anatuluka motero. Ulendo uno nkhani inakula chifukwa asebele athu, amayi a mwamuna wa Lusungu, anali atalengeza kuti adzagula bulangete la m'sitolo ku Jenda, lija la maluwa lokhala m'chikwama cha pulasitiki. ANyaMoyo anayankha mwaulemu wonse kuti yewo chomene, koma mdzukulu wawo si shuga kuti azituluka m'pepala la m'sitolo. Kuyambira tsiku limenelo amayi awiriwo ankapatsana moni wautali kwambiri, ndipo inu mukudziwa kuti moni ukatalika ndiye kuti nkhondo yayandikira.

Ulusi wake unachokera ku Joni. Kondwani anaupatsira anyamata aja onyamula katundu, ndipo chaka chimenecho ndi chinthu chokhacho chimene chinafika kuchokera kwa iye. Unali wofewa ngati khutu la mwana wa mbuzi, mtundu wake woyera moderako, ngati mkaka wa ng'ombe yongobereka kumene. Ulusi wotero mu Mzimba muno simungaupeze, ngakhale mutagubuduza sitolo zonse. Anayamba kuluka mvula ikugwa, masamba-masamba ndi timabowo toyenda pamzere, ndipo pofika mu Juni shaweloyo inkawafunda miyendo yonse akakhala pamkeka. Kunangotsala mphepete.

Tsoka silinunkha. M'mawa wina kunabwera foni kuti asibweni awo, mlongo wa malemu amayi awo, atisiya ku Edingeni. Anamanga kachikwama mwachangu. Zolukazo anati sangapite nazo kumaliro, utsi ndi fumbi zingazidetse, ndiye anazipinda bwinobwino, anaziika m'thumba la pilo, n'kukweza pamwamba pa wadirobu. Pakhomo anandipatsa malamulo: phala lisakhale la mibulu, mapasa asavule majuzi chifukwa kukuzizira, shuga ndibise. Atafika pachipata anatembenuka, n'kunditchula monga amachitira m'Chitumbuka chawo, bambo a Kondwani.

"Awiske Kondwani, ndapota, thumba lili pa wadirobu lija musaligwire."

"Ine ndi zoluka tidziwana kuti?" ndinatero, ndipo ndinaseka. (Kuseka kumeneko ndimakumvabe m'maloto.)

Tsiku loyamba Temwa analuma Vitu, Vitu anakankha Temwa, Tamala analirira onse awiri mpaka mawu anasasa. Phala linapserera, shuga anamupeza, mmodzi anakodzera nsapato zanga za kutchalitchi, ndipo mpaka lero mlanduwo ulibe mwini. Kutacha, ng'oma ya m'makutu ija inali itaitana zinzake, m'mutu mwanga mukuvinidwa gule wathunthu. Ndinagona chagada pabedi, maso n'kugwera pa thumba lija. Ndinati, kodi ndife mankhwala ali m'nyumba?

Ndinakwera pampando n'kulitsitsa. M'katimo munali shawelo, kampira ka ulusi wa ku Joni kolumikizana nayo, ndi kampira kena kofiira kotsala pa majuzi a mapasa. Ine shaweloyo sindinkaifuna, Mulungu ndi mboni. Ndinkangofuna kubwereka singano, ndiyesere pa ulusi wofiirawo, mtima ukatsika ndibweze. Singano imodzi inali payokha, inayo inali yolowa m'mphepete mwa shawelo, itavala timaso tambirimbiri kuyambira kumutu mpaka kunsonga. Ndinaganiza kuti angoitsomeka pamenepo kuti isasowe, monga timatsomekera chikwakwa patsindwi. Ndinaigwira kumutu, ndinakoka. Inatuluka yokha, osakana n'komwe. Timaso tija tinatsala titaima pamzere, kukamwa yasaa, ngati ana a kwaya amene aiwala nyimbo.

Ndinaipinda shaweloyo, ndinaiika pa mpando wa ndalema pabalaza, kampira kake pamwamba, n'kupita kuseri kwa nyumba kumene kumafika kadzuwa, kumenenso aneba sangandione. Kuluka sindinkadziwa poyambira, ndiye ndinamanga ulusi wofiirawo pasingano ndi mfundo zimene ndimamangira mbuzi, n'kuyamba kugundanitsa tizitsuloto kuti tizilira tiki-tiki ngati ta aNyaMoyo. Abale anga, zinatheka. Pang'ono ndi pang'ono pakhomo panagwa bata. Panalibe wolira, panalibe woluma, panalibe wofunsa za adada. Ndinamva njiwa ikulira mu bulugamu, chinthu chimene ndinali ndisanachimve chichokere Kondwani. Mapewa anatsika. Ndinayamba kuwamvera chisoni anesi aja ndi makina awo. Ndinaganiza zokauza anzanga a pabawo kuti amayiwa akhala akutibisira mankhwala zaka zonsezi.

Inu amene munalerapo ana mukudziwa kale tanthauzo la nyumba ya ana ikati zii. Ine ndinali nditaiwala.

Amene anandidzutsa ndi Mayi a Chisomo, aneba athu, akazi a wapolisi, kwawo ku Dedza. Anasuzumira pampanda n'kundifunsa, mwaulemu ndithu, ngati tayamba kukoka magetsi opita kumjigo. Ndinazungulira nyumba. Pakhomo pankatuluka ulusi, osati mzere umodzi ayi, mizere yambiri, wopotanapotana ngati tsitsi la ku saluni. Unadutsa pabwalo, unakola mtengo wa gwafa, unatulukira pachipata n'kutsika ndi njira.

Ndinayamba ndi m'nyumba. Tamala anali atagona tulo pa mpando wa ndalema, pamwamba pa shawelo, ataipsinja ngati mwala. Temwa anali atakhala pansi akukoka ulusi ndi manja awiri, ndipo akakoka, timaso tija tinkamasuka motsatana, phu-phu-phu, iye n'kumaseka mwakachetechete, lilime panja. Chibadwire chake sindinamuonepo mwanayo ali pa mtendere wotero. (Ndiye mwina sindinalakwitse kwenikweni, ulusi umatsitsadi mtima, kungoti unatsitsa wa munthu wina.) Akaunjika kamulu, Vitu ankabwera ndi galimoto yake ya mawaya, kupakira, n'kunyamuka, ulusi ukumasuka m'mbuyo mwake njira yonse. Ntchito anali atagawana bwino kuposa ofesi iliyonse imene ndinagwirapo.

Ndinatsata mizereyo ndikuthamanga mathamangidwe a nkhalamba. Ulusi wa ku Joni unali utakwawa m'fumbi lofiira, utakola chisoso, mbuzi ya eni ake itauvala m'nyanga n'kulowa nawo m'munda wa chinangwa. Kumjigo unali utagona m'matope momwe amayi amatayira madzi ochapira, ndipo amayiwo anali atasiya kupopa, akungoyang'ana. Vitu anali ataimika galimoto pamwala, akutsitsa katundu.

"Asekuru, ndafika ku Joni," anatero. "Ndabwera kudzatenga adada."

Dzanja ndinali nditalikweza kale. Ndinalitsitsa. Mwana wotereyu ungamumenye pati? Ndinangotola galimotoyo, iye ndinamugwira pamkono, tinabwerera kunyumba ndikukolola ulusi m'njira ngati munthu wosolola kholowa m'mizere. Nditamunyamula Tamala pampando paja, pansi pake panali patatsala kansalu kongokwanira kuvindikira jagi ya mkaka.

Munthu wanzeru akanakhala pansi pamenepo n'kulira. Ine ndinatereka madzi. Ndinati choyamba ulusiwu uyere, zinazo tiona. Ndinauthira m'beseni wonse pamodzi, madzi otentha, sopo wa mtanda, n'kuufikisa pamwala monga ndinkachapira kabudula wa khaki uja. Nditautulutsa sunalinso ulusi. Chinali chinthu chimodzi, cholemera, chopiringizana ngati matumbo a mbuzi, mtundu wake wa tiyi wa mkaka wochepa. Poyambira panalibe, pothera panalibe. Dzuwa la Juni kuno ndi la dzina lokha, ndiye ndinachiyanika pafupi ndi mbaula kuti chiume msanga. Ndinapita kukalanditsa Vitu m'mano a Temwa, pobwera mbali imodzi inali itapsa, nyumba yonse ikununkha ngati awaula nkhuku.

Mayi a Chisomo anabwera atamva fungo. Anachitembenuza chinthucho ndi chala chimodzi, monga amachitira amuna awo akapeza mtembo, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Agogo, apa ndi maliro achiwiri." Ndi iwo amene anandiuza kuti timaso tija, amati masitichi, moyo wake uli pasingano, ndipo kusolola singano kuli ngati kuzula mzati wa pakati pa nyumba. Anandilangiza kuti ndiimbe foni ndiulule. Ndinati munthu ali pamaliro sauzidwa maliro ena. Ataona kuti ndatsala pang'ono kugwada, anati pali njira imene amayi amachita ulusi ukasowa: kugula juzi pakaunjika n'kuimasula. Anayamba kufotokoza mtundu wa juzi yoyenera, koma ine ndinali nditafika kale pachipata, ana nditawasiya m'manja mwawo. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndine uja anauzidwa, n'kudyabe.

M'sitolo munali ulusi wofiira, wobiriwira, wachikasu, ndi woyera mbee ngati pepala. Wa ku Joni uja panalibe ngakhale msuweni wake. Ndinapita pakaunjika. Taganizirani nkhalamba ya dazi itawerama pa mulu wa majuzi a amayi, pakati pa amayi, ikuyerekeza juzi iliyonse ndi kachingwe kamene yatulutsa m'thumba la jekete. Ndipo mulu umenewu uli maso ndi maso ndi pamene timasewera bawo. A Jere, mnzanga wa zaka zambiri amene pakamwa pake sipanabatizidwe, anaimitsa masewera n'kufunsa mokweza ngati ku Dowa amuna ndi amene amayembekezera. Ndinati ndatumidwa. Anati mbwenu ndisankhe yotakasuka pamimba, miyezi ikubwerayi ndidzaifuna.

Ndinapeza imodzi yoyandikira mtundu, ukaiyang'ana madzulo uli ndi chimfine. Kunyumba ndinadula kolala n'kuyamba kukoka, ndikuyembekeza phu-phu-phu uja wa Temwa. Kunatuluka kachidutswa kotalika ngati mkono wanga, n'kuduka. Kenanso chimodzimodzi. Zimene Mayi a Chisomo ankafuna kundiuza zinali zimenezi: majuzi ambiri a ku fakitale amachita kudula nsalu n'kusoka m'mbali, ndiye mzere uliwonse ndi wodukiratu. Pofika madzulo ndinali ndi mulu wa nyongolotsi. Ndinakhala pansi n'kuyamba kuzilumikiza imodziimodzi ndi mfundo zanga za mbuzi.

M'mawa mwake mayiwo anandimvera chisoni. Kansalu kotsala kaja anakabwezera pasingano, kadiso ndi kadiso, n'kundiphunzitsa: lowetsa, zunguliza, tulutsa, gwetsa. Anati iwo sangandilukire, ali ndi khanda kumsana, komanso safuna kuti aNyaMoyo akabwera adzapeze dzanja lawo pamlanduwu. (Akazi a wapolisi amadziwa kutalikirana ndi umboni.)

Tsopano ndikuuzeni za mtendere wa m'singano. Ndinaluka mapewa ali m'makutu, mano okukuta, thukuta likutsika m'nyengo yozizira. Chala chachikulu ndinachibaya mpaka chinatupa. Ndikati ndiwerenge masitichi, Vitu ankaima pambali n'kumawerenga zake mokweza, folo, naini, thu, mpaka ndisokonezeke. Temwa anaba singano imodzi n'kukathamangitsa nayo tambala. Shuga amene ndinauzidwa kuti ndibise ndinachita kugawa ndi supuni kuti ndigule bata la kanthawi, ndipo amene anayesapo akudziwa kuti bata la shuga likatha kumabwera chimphepo. Mfundo zanga zinkakana kudutsa m'timaso. Masitichi ena ankagwa osatsanzika, ena ankabadwa okha osadziwika bambo wake. Penapake misozi inatsika, ndinawauza ana kuti ndi utsi wa mbaula. Mbaulayo inali yozima.

Pakati pa zimenezi aNyaMoyo anaimba kamodzi, kuti maliro aikidwa koma atsalirako pa zokambirana za pabanja. Anafunsa ngati ana akuvutitsa. Ndinati ayi, ali phee. Anafunsanso kuti ali phee chifukwa chiyani. Ndinati netiweki ikuvuta.

Patapita masiku ndinachitambasula pabedi kuti ndione ntchito ya manja anga. Kumtunda kunali kansalu ka aNyaMoyo, kosalala, masamba ake ali bwinobwino. Kuchokera pamenepo chinayamba kuwonda, kenaka chinafufuma, cha kumanja chinali ndi chibowo chachitali, kumunsi n'kutsika kamchira kokhota. Ndinachiyang'ana nthawi yaitali ndikudabwa kuti ndinachionapo kuti. Kenaka ndinakumbukira khoma la Sitandade 5. Ndinali nditaluka mapu a Malawi, nyanja ndi Nsanje yomwe.

Foni inalira masana a tsiku lomwelo. ANyaMoyo, mawu ali m'mwamba ngati mtsikana, kumbuyo kukumveka injini ya matola. Lusungu wachira, mwana wamkazi, wafulumirako koma ali bwino chomene. Mawa m'mawa awatulutsa. Iwo eni ake akubwera kunyumba, amalize mphepete ija madzulo ano, m'bandakucha anyamuke wa ku Champhira, akafike asebele asanatsegule chikwama chawo cha pulasitiki. Chibadwire sindinalandirepo uthenga wabwino wowawa chotero.

Ndinaganiza zothawira ku Dowa, koma kumeneko amene ankandidziwa ali kumanda. Ndinaganiza zonamizira makoswe, koma khoswe sadziwa mfundo ya mbuzi. Ndinaganiza zonamizira ana, koma anasolola singano ndani? Pamapeto pake ndinasesa pabwalo, ndinasambitsa ana, ndinabwezera mapu aja m'thumba la pilo pamwamba pa wadirobu, ndinavala jekete ndi tayi, n'kukhala pakhonde ngati munthu wodikira chigamulo.

Anafika dzuwa litapendeka, fumbi la msewu wa Edingeni lili m'nsidze. Anayang'ana pabwalo posesa, anayang'ana ana osamba, anayang'ana tayi, ndipo chimwemwe chinayamba kuchoka pankhope pawo. Anafunsa ngati kwagwanso maliro ena. Ndisanatsegule pakamwa Vitu anawathamangira n'kuwakumbatira miyendo.

"Agogo, shawelo yanu inapita ku Joni, koma adada sinawapeze."

Analowa m'nyumba osavula nsapato, ine pambuyo. Anatsitsa thumba, anapisa dzanja, anatulutsa, n'kuchikweza m'mwamba ndi manja awiri. Nsanje inkalendewera cha kumawondo. Analowetsa chala m'nyanja, kenaka dzanja lonse mpaka m'chigongono. Anagwira mfundo imodzi, anaifinya. Ine ndinali nditakonzeka kutukwanidwa m'zilankhulo ziwiri, ndipo ndikanakondwa. Koma anangofunsa motsitsa kuti ulusi wa Kondwani uli kuti. Ndinabweretsa beseni. Ananyamula chinthu chopsa chija, anachiyang'ana mbali zonse, n'kuchigwira pachifuwa kanthawi, monga amagwirira mwana wodwala. Kondwani wawoyo anali asanamugwire chichokere, koma ulusi wake ankaugwira tsiku lililonse. Ine ndinatuluka panja kukayang'ana nkhuku zimene zinali zitalowa kale.

ANyaMoyo anangolowa kukhitchini. Anaphika, anadyetsa ana, anawagoneka. Kenaka anakhala pamkeka pabalaza, anatenga sizasi, anadula dziko langa lonse kuyambira ku Karonga, n'kuliika pambali. Kansalu kawo kaja anakamasula okha, phu-phu-phu, masamba amene anawaluka mvula ikugwa, anakulunga kampira kosaposa dzira, n'kuyamba kachipewa.

Ndikuuzeniretu mathero ake, kuti musayembekezere chozizwitsa. Mdzukulu wathu anatuluka m'chipatala m'bulangete la maluwa la ku Jenda, asebele atamunyamula okha, akumwetulira mpaka mano a kumbuyo. Cha aNyaMoyo chinali kachipewa kokha, ndipo bulangetelo linakaphimba. Asebelewo mpaka lero akandiona amandipatsa moni wautali, n'kufunsa ngati ndayamba kulandira maoda. Pabawo dzina langa ndi aNyaSingano. Anesi a ku Zomba aja anandiwonjezera mapiritsi. Kondwani tinamuuza kuti ulusi wake unagwira ntchito yabwino.

Koma madzulo amenewo zonsezi zinali zisanachitike. Ndinali nditakhala pa mpando wa ndalema, tayi ndisanavule, ndikuyang'ana singano zikuti tiki-tiki-tiki pa kuwala kwa tochi. Ndipo ndinaona nkhope ija ikubwerera, yosalala, ya munthu womvera ulaliki wabwino. Chitsiru sichichira tsiku limodzi. Ndinasendeza mpando pafupi, ndinakonza kukhosi, n'kunena mofatsa kuti komatu zolukazi zimathandizadi, taonani mtima watsika kale.

Sanadzutse mutu.

"Awiske Kondwani, singano sizitsitsa mtima wa munthu yayi. Zimangogwira manja kuti asachite zimene mtima ukufuna. Inu mumati ndimalukira phokoso la ana? Ine ndinayamba kuluka mwezi umene ndinalowa m'nyumba mwanu, mwana tilibe ndi mmodzi yemwe." Anakoka ulusi, kampira kaja kanagubuduka pamkeka, katachepa ngati nthudza. "Mbwenu sendezani mpandowo uko. Ulusi watsala pang'ono kutha."